Khonde la Atelala: Fakitale Yathu Imene Ikugwa Ife Tikuona

Tsiku lina, tikuphunzitsa ana za mbewu ya thonje, tinawafunsa funso limene tinkaliyesa lapafupi: kodi malaya amene mwavalawo amachokera kuti? Manja anakwera ambiri. Mwana woyamba anaimirira mwaulemu nati, "Amachokera m'belo, aphunzitsi." Anzake onse anagwedeza mitu kuvomereza. Sitinamdzudzule mwanayo, pakuti ananena chimene maso ake anaona. Chibadwire iye, chovala chimafika pamsika chitamangidwa m'belo la kaunjika, ndipo sanaonepo nsalu ikuyezedwa, kudulidwa ndi kusokedwa kufikira itasanduka malaya a munthu.

Sabata lomwelo, pochokera ku msonkhano wa akulu a mpingo, tinadzera pamsika wina wa kuno kwathu. Tinapeza anyamata akugumula khonde la sitolo yakale, njerwa akuziunjika pambali pa msewu kuti azigulitse. Pakhonde limenelo ndi pamene ena a ife tinaimirira tili ana, manja titatambasula, telala akutiyeza yunifolomu yathu yoyamba ya sukulu. Tinatsika panjinga, tinayang'ana, koma tinasowa chonena. Poyenda ulendo wotsalawo tinazindikira kuti yankho la mwana uja ndi fumbi la khonde lija ndi nkhani imodzi. Nchifukwa chake talemba mawu awa kwa inu makolo anzathu ndi kwa inu achinyamata a mu mpingo.

Fakitale yopanda chumuni

Kuno ku Bowe, ndi m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi, sitinakhalepo ndi fakitale ya zovala ya chumuni chachitali ndi belu loitana antchito, monga za ku Blantyre. Koma tisafulumire kunena kuti fakitale kunalibe. Ngati fakitale ndi malo amene anthu aluso amasonkhana tsiku ndi tsiku ndi makina awo, kupanga zinthu zimene dziko likuzifuna, ndiye kuti ifenso tinali nayo. Fakitale yathu inali khonde la sitolo. Ku Mponela, ku Boma la Dowa, ku Ntchisi ndi m'misika ina ya m'zigawo zino, pakhonde la sitolo ya nsalu pankakhala atelala awiri, atatu kapena kuposa, atandanda ndi makina awo opalasa ndi mapazi. Munthu ankagula nsalu m'kati, natulukira pakhomo, naipereka kwa telala. Mtunda wochokera kwa wogulitsa kufika kwa wosoka unali mapazi asanu okha.

Kabudula wa kaki wa mwana wa sukulu, diresi la mkwatibwi, malaya a m'phunzitsi, bulauzi yoyera ya amayi a Chigwirizano, zambiri mwa izi zinabadwira pamakonde amenewa. Tikamanena za chikhalidwe chathu timakumbukira magule ndi miyambi, ndipo nkoyenera. Koma nyumba zimene zinativeka nazonso ndi mbali ya mbiri yathu.

Tisanaone sitolo

Makolo athu sanayambe kuvala chifukwa cha sitolo ayi. Ankasenda khungwa la mtengo wa mombo, naliviika m'madzi, nalipuntha ndi kamtengo kosemedwa mizere kufikira litafewa ndi kutambasuka. Chimenecho ndicho chiwondo. Ena ankalima thonje, napota ulusi ndi dzanja, naomba nsalu yolimba yotchedwa machila. Pamene Dr David Livingstone anayenda m'chigwa cha Shire mu 1859, anapeza anthu akulima thonje, kupota ndi kuomba m'midzi yawo, ndipo ankasiyanitsa thonje lawolawo ndi thonje lochokera kunja. Luso la nsalu tsono ndi lakale m'dziko muno kuposa makina alionse.

Amishoni atafika analimbikitsa ntchito za manja. Mbusa A.C. Murray ndi Mbusa T.C.B. Vlok anatsegula Mvera mu 1889 m'dziko la Mfumu Chiwere. Kongwe anatsegulidwa ndi Mbusa Robert Blake mu 1894, ndipo Nkhoma mu 1896. Pamodzi ndi kuwerenga Mawu a Mulungu, anyamata ankaphunzira kuumba njerwa, kumanga ndi kupala matabwa, ndipo atsikana m'nyumba zawo zogonera ankaphunzira kusoka ndi kusamala banja. Manja amene anaphunzira kugwira singano ndi chingwe cha mmisiri pa mishoni anabalalika m'midzi yonse. Amwenye atayamba kutsegula masitolo m'misika ya kumidzi m'nthawi ya atsamunda, anapeza amisiri omanga ndi osoka ali kale pakati pathu.

Mamangidwe ake

Tiyeni tiime pamaso pa imodzi mwa nyumba zimenezi, tiiyang'ane monga momwe mmisiri angaiyang'anire, pakuti palibe chinaikidwapo popanda chifukwa.

Choyamba ndi maziko. Sitolo zambiri zakale zinakwezedwa pamwamba pa msewu, kotero kuti munthu amakwera masitepe awiri kapena atatu asanafike pakhonde. Izi zinkaletsa madzi a mvula ndi matope kulowa kumene kuli nsalu, pakuti mdani wamkulu wa nsalu ndi chinyontho.

Chachiwiri ndi makoma. Anamangidwa ndi njerwa zootcha zoumbidwa pafupi pomwepo, ndipo zambiri zinalumikizidwa ndi dothi, osati simenti. Makomawo ndi ochindikala, napakidwa njereza. Khoma lotere limachedwa kutentha masana, limachedwanso kuzizira usiku; nchifukwa chake ukalowa m'sitolo yakale mwezi wa Okutobala umamva kuzizira bwino, ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo.

Chachitatu ndi khonde lenilenilo, loyang'ana kumsewu, lotalika monga m'mene nyumba yatalikira, lochirikizidwa ndi zipilala za njerwa kapena nsanamira za mitengo. Khonde linali ndi ntchito zitatu. Linkatchinga khoma la kutsogolo kuti mvula isalimenye. Linkapatsa mthunzi anthu ochokera kutali, kuti atule katundu ndi kupuma. Ndipo linkapatsa telala kuwala. Kumbukirani kuti magetsi kunalibe. M'kati mwa sitolo munali kamdima, kamene kankathandiza kuti nsalu zisafwifwe ndi dzuwa, koma munthu sakanatha kulowetsa ulusi pa singano m'menemo. Pakhonde panali kuwala kokwanira kopanda kuthobwa m'maso. Dzuwa likapendeka telala ankasuntha makina pang'ono, ndipo madzulo ankawalowetsa m'sitolo kuti agone motetezeka.

Pamwamba pa khonde, nyumba zina zili ndi khoma lotumphuka kupitirira denga, lodulidwa ngati masitepe kapena lozungulira ngati uta. Pamenepo ndi pamene pankalembedwa dzina la mwini sitolo, ndipo pena chaka chimene nyumbayo inamangidwa. Mukayang'anitsitsa m'mawa dzuwa likamawomba cham'mbali, nthawi zina zilembo zakale zimaonekerabe kunsi kwa utoto watsopano wa malonda a masiku ano.

Chitseko chinali cha mbali ziwiri, cha matabwa olemera, chotsekedwa ndi mpiringidzo. Mazenera anali ochepa, okhala ndi zitsulo ndi zitseko zamatabwa. M'kati munali kauntala yaitali yolekanitsa wogula ndi katundu, ndipo m'mphepete mwake munali muyezo wa yadi, wokhomedwa kapena wolembedwa pathabwa. Kumbuyo kwake mashelefu ankakwera kufikira kudenga, odzaza mipukutu ya biriwita, kaki ndi zitenje. Kuseri kwa sitolo kunali zipinda za banja la mwini wake, bwalo lotchingidwa ndi mpanda wa njerwa, khitchini, ndi thanki yolandira madzi a mvula ochokera pa malata. Nyumba imodzi inali msika, fakitale ndi khomo la banja nthawi imodzi.

Nyengo ya fodya

Amene anakula kuno akudziwa kuti khonde linkadzuka ndi nyengo ya misika. Anthu akagulitsa fodya wa chikopa, mtedza ndi chimanga, ankatsika m'midzi banja lonse, bambo patsogolo ndi njinga, mayi ndi mwana kumsana. Ndalama zinali mapaundi ndi masheleni kufikira mu 1971, pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwake. Nsalu ikasankhidwa, telala ankatenga tepi imene inkalendewera m'khosi mwake, nayeza, nalemba ndi choko pansaluyo. Kwa mwana ankasiya malo okulira, napinda mpendero waukulu kuti chaka chamawa adzaupasule. Simbi yamakala inkafuka utsi pambali. Phokoso la makina linkamveka kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litalowa, makamaka pafupi ndi Khirisimasi ndi potsegulira sukulu.

Pakhonde ndi pamene mnyamata ankaphunzira ntchito. Ankayamba ndi kusesa zidutswa ndi kukoleza makala a simbi, kenaka kusokerera mabatani, kenaka kupalasa makina opanda ulusi kufikira mapazi atazolowera, ndipo pomaliza pake ankaloledwa kudula nsalu ya munthu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Panalibe satifiketi, koma panali mwambo: kusunga tsiku lolonjeza, kubweza nsalu yotsala kwa mwini wake, ndi kusaulula muyezo wa munthu kapena ngongole yake. Sitinena kuti atelala onse anali olungama. Nkhani za telala wolonjeza "mawa" sabata lathunthu tonse tikuzidziwa. Koma ntchito yawo inkachitikira poyera, pamaso pa mudzi wonse, ndipo wachinyengo sankakhalitsa.

Makina ambiri anali a Singer. Fakitale yaikulu ya makina amenewa inali ku Clydebank m'dziko la Scotland, ndipo inatsekedwa mu 1980. Chodabwitsa nchakuti fakitaleyo kulibenso, koma ena mwa makina ake akali kulira m'midzi yathu, chifukwa eni ake ankawathira mafuta ndi kuwafunditsa nsalu usiku. Chinthu chosamalidwa chimaposa zaka za amene anachipanga.

Mphepo zitatu

Nanga chinachitika nchiyani kuti makonde akhale chete? Tikuona mphepo zitatu zimene zinawomba motsatizana.

Yoyamba inawomba kuyambira mu 1970, pamene boma la nthawi imeneyo linalamula kuti amalonda achimwenye achoke m'misika ya kumidzi. Pofika 1978 anali atasamukira m'mizinda ikuluikulu. Cholinga chimene chinanenedwa chinali chakuti malonda a kumidzi akhale m'manja mwa Amalawi akuda. Ena amene analowa m'sitolozo anachita bwino. Ambiri analephera chifukwa chosowa mpamba ndi katundu wa ngongole, ndipo mashelefu anayamba kuonekera matabwa. Monga Akhristu tiyenera kukumbukiranso kuti amene anachokawo anali anthu, mabanja amene ana awo anabadwira kuno nalankhula Chichewa monga ife. Sitibisa kuti panali madandaulo pa mitengo ya katundu ndi pa malipiro a antchito. Koma sitingafotokoze mbiri ya nyumba zimenezi moona ngati tifafaniza amene anazimangitsa.

Komabe atelala anatsala, chifukwa nsalu inalipo. Mu 1967 kampani ya David Whitehead and Sons inatsegula fakitale yake ku Blantyre, yopota ndi kuomba thonje lolimidwa m'dziko momwe muno, ndipo inalemba ntchito anthu zikwi zingapo. Thonje la ku Chikwawa, Balaka ndi Salima linkabwerera kwa ife ngati chitenje ndi kaki. Mlimi, woomba, wogulitsa ndi telala anali ngati mikanda ya pa chingwe chimodzi.

Mphepo yachiwiri inadula chingwe chimenecho. M'zaka za m'ma 1990 malonda atamasulidwa, kaunjika ndi nsalu zotchipa zakunja zinasefukira m'misika yonse. Fakitale ya ku Blantyre inafooka, antchito ambiri anachotsedwa, ndipo mu 2003 boma linaigulitsa kwa kampani ya Mapeto. Sitikunyoza kaunjika, waveka amasiye ndi osauka ambiri amene sakanatha kugula nsalu ndi kulipira telala, ndipo ifenso timavala. Koma tiyenera kuvomereza mtengo wake wobisika: telala amene ankasoka malaya atsopano anasanduka wochepetsa ndi wophatika zigamba, ndipo mnyamata sanaonenso chifukwa chophunzirira ntchitoyo.

Mphepo yachitatu ndi yathu yomwe: kusasamala. Nyumba zina eni ake anamwalira, ana akulimbirana, ndipo palibe amene afuna kugula lata limodzi lokonzera nyumba yosagawidwa. Zina zasanduka mosungiramo mbewu, zina moonetseramo mafilimu, zina momwera mowa.

Chimene chimagwetsa nyumba

Nyumba ya njerwa ndi dothi siigwa ndi ukalamba. Imagwa ndi madzi. Lata limodzi likasomphoka, mvula imalowa pamwamba pa khoma nisungunula dothi la pakati pa njerwa. Phaso likanyowa, chiswe chimabwera. Mbalame zikataya mbewu za kachere mumng'alu, mizu imalowa nikankha njerwa chaka ndi chaka. Madzi a padenga akamagwera pafupi ndi maziko popanda ngalande, khoma limayamba kudyeka kunsi. Ndiponso ena, pofuna kukonza, amamata simenti yolimba pa khoma la dothi. Chinyontho chimatsekeredwa m'kati, ndipo tsiku lina pulasitala yonse imagwa pamodzi ndi nkhope za njerwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khoma lakale limafuna dothi ndi njereza, zimene zimalola kuti lipume.

Tikaona bwino, mankhwala a matenda onsewa si a ndalama zambiri: kukhoma lata, kuzula kamtengo kakali kakang'ono, kukumba ngalande, kupaka njereza chaka ndi chaka mvula isanayambe. Ndi ntchito imene achinyamata khumi angathe kuimaliza Loweruka limodzi.

Ena anasunga zawo

Pali phunziro m'mbiri ya Dr Livingstone yemwe. Iye anabadwa mu 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, m'chipinda chimodzi cha nyumba ya antchito a fakitale ya thonje, ndipo ali ndi zaka 10 anayamba kugwira ntchito m'fakitaleyo, akulumikiza ulusi woduka. Patapita zaka fakitale inatsekedwa, nyumba zambiri zinagumulidwa, ndipo nyumba imene iye anabadwiramo inatsala pang'ono kugwetsedwa. Anthu a mipingo, pamodzi ndi ana a Sande Sukulu, anasonkha ndalama naipulumutsa, ndipo mu 1929 inatsegulidwa ngati malo a chikumbutso. Sinali nyumba ya mfumu. Inali nyumba ya amphawi ogwira ntchito ya nsalu. Pafupi ndi kumeneko, mudzi wa mafakitale a thonje wa New Lanark, umene unaleka ntchito mu 1968, unakonzedwanso, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse lapansi.

Kuno kwathu, nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ikali chiimire, ndipo nayonso inali nyumba ya malonda. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene Mbusa David Clement Scott anamanga ndi amisiri a kuno pakati pa 1888 ndi 1891, tikupempheramo kufikira lero. Nyumba zimenezi sizinaime zokha. Panali anthu amene anaziyesa zoyenera kusamalidwa. Dziko lathu lili ndi lamulo la 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zakale, koma lamulo silingakwere padenga kukakhoma lata. Limayamba kugwira ntchito pamene eni dera anena kuti ichi ndi chathu.

Tichitenji tsono?

Wina adzafunsa kuti, kodi mpingo uli ndi gawo lanji pa sitolo zakugwa, pamene anthu akusowa feteleza ndi fizi? Funsolo ndi loona, ndipo sitikupempha kuti chopereka cha Mulungu chipite kukakonza nyumba za eni. Koma tikumbuke kuti Aisraele atawoloka Yordano, Yoswa anaimika miyala 12 ndi cholinga chakuti ana adzafunse, ndipo makolo adzayankhe. Tikumbukenso Dorika wa ku Yopa: atamwalira, umboni umene amasiye anaonetsa Petro unali zovala zimene iye anasoka. Mtumwi Paulo naye ankadya za manja ake posoka mahema. Ntchito ya singano si yonyozeka pamaso pa Mulungu, ndipo malo amene inagwiridwira angathe kukhala miyala yathu yofunsitsa ana.

Kwa inu makolo, tikupempha chinthu chapafupi. Tsiku la msika mutengeni mwana, muime naye pakhonde lakale, mumuuze amene ankasoka pamenepo ndi chovala chimene anakusokerani. Ngati m'nyumba muli makina a agogo, musawagulitse kwa ogula zitsulo. Athireni mafuta, mwana wina aphunzirepo.

Kwa inu achinyamata, tengani kope ndi lamya zanu zojambulira. Pitani kwa atelala okalamba amene akali moyo, muwalonjere mwaulemu, mukhale pansi, muwafunse anaphunzira kwa yani, nsalu zinkatchedwa maina anji, yadi inali ndalama zingati. Jambulani nyumbazo kutsogolo, m'mbali ndi m'kati, eni ake atakulolani, ndipo mulembe chaka ngati chikuoneka. Zolembazo zisungidwe ku sukulu kapena ku ofesi ya mpingo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likuuma chaka ndi chaka. Maliro alionse a nkhalamba amapita ndi nkhani zimene sitidzazimvanso.

Kwa inu eni nyumba, musanagumule werengerani bwino. Njerwa mudzagulitsa kamodzi, ndalama nkutha. Khonde lokonzedwa lingabweretse lendi mwezi ndi mwezi. Ndipo kwa mabungwe a mpingo, amayi a Chigwirizano ndi aphunzitsi anzathu, tiganizirepo: yunifolomu za sukulu, za kwaya ndi za Chigwirizano zimasokedwabe chaka chilichonse. Tikagwirizana kuzipereka kwa atelala a kwathu kuno, ndi kupempha mafumu ndi eni nyumba kuti khonde limodzi likhale malo ophunzitsira achinyamata kusoka, nyumbayo idzakhala ndi chifukwa chokhalira chiimire. Mutu umodzi susenza denga.

Khonde lija tinalipeza likugumulidwa lapita, ndipo silidzabweranso. Koma ena akalipo, ndipo mvula ya chaka chino isanagwe tingathe kupulumutsapo limodzi. Ife tapangana ndi ana a kalasi lathu kuti chigawo chikudzachi tidzapita kwa bambo wina wokalamba amene akali kupalasa makina ake, titanyamula mayadi awiri a nsalu, kuti mwana uja wa belo adzaone ndi maso ake malaya akubadwa. Ambuye atipatse mitima yoyamika manja amene anativeka, ndi nzeru zosiyira ana athu chowafunsitsa.